Chilonda cha m'diso chimene chinayamba kupola kenako n'kukulanso: kodi tizilombo ta mitundu iwiri tingakhale m'diso limodzi?

Mayi wa ku East Bank

Ndikupempha amene amagwira ntchito yothandiza odwala maso kuti andifotokozere chimene chimachitika pamene chilonda cha pa galasi la diso chili ndi tizilombo ta mitundu iwiri nthawi imodzi, chifukwa nkhaniyi yatiimitsa mitu pabanja pathu. Alamu anga amadula bango m'mphepete mwa Elephant Marsh n'kumaluka mphasa zogulitsa, ndipo tsiku lina bango linawakwapula m'diso lakumanja. Iwo anangotapa madzi a m'dambo momwemo n'kusukusula, monga amachitira aliyense amene ali pa ntchito kutali ndi mjigo. Pasanapite nthawi diso linafiira, chikope chinatupa, manthongo achikasu ankamata nsidze m'mawa uliwonse, ndipo pakati pa diso panaoneka kadontho koyera. Kuchipatala anawapatsa mankhwala odontheza, ndipo kunena zoona mankhwalawo anathandiza, pakuti manthongo anachepa, chikope chinaphwa, ndipo tonse tinaona ngati zatha.

Koma ululu sunachoke. Unkakulirakulira mpaka anasiya kugona usiku, ndipo masana ankabindikira m'nyumba atafunda chitenje kumutu chifukwa kuwala kwa dzuwa kunkawalasa m'diso. Kadontho koyera kaja kanakula n'kupanga mzere wozungulira. Atatumizidwa ku Blantyre, madokotala anapala pa chilondacho n'kutiuza kuti muli mabakiteriya komanso kachilombo kena ka mtundu wa amoeba kotchedwa Acanthamoeba, ndipo anawapatsa mabotolo angapo oti azidontheza ola lililonse, usiku womwe.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti, ngati kachilomboka kanalimo kuyambira pachiyambi, n'chifukwa chiyani mankhwala oyamba aja anaoneka ngati akuchiza? Ndikufunanso kudziwa ngati amoeba ameneyu ndi yemwe uja amayambitsa kamwazi, popeza achibale ena akuti tingogula Flagyl, pamene ena akuti mankhwala achizungu alephera ndipo tipite kwa asing'anga. Kunyumba kuli ana aang'ono amene amasukusula m'beseni limodzi ndi wodwalayo, choncho mundiuzenso ngati matendawa amapatsirana.

Wothandiza odwala maso, Chikwawa

Mayi, pepani ndi matendawo. Alamu anu sindinawaone, choncho zimene ndilembe pano zisalowe m'malo mwa malangizo a madokotala amene akuwasamalira, komabe mmene mwafotokozera, nkhaniyi ikugwirizana ndi zimene zimadziwika za matenda amenewa.

Galasi la diso, limene kuchipatala timati cornea, ndi lopyapyala kwambiri, pafupifupi theka la milimita pakati pake, ndipo lilibe mitsempha ya magazi. Chimene chimaliteteza ndi misozi ndi kakhungu ka pamwamba pake, moti bango, tsamba la nzimbe kapena ngala ya mpunga ikang'amba kakhungu kameneka, chilichonse chimene chili m'madzi osukusulira chimapeza polowera. Acanthamoeba amakhala m'nthaka, m'matope ndi m'madzi odikha, ndipo chakudya chake ndi mabakiteriya, choncho pamene pali iye pamakhalanso mabakiteriya ambiri. Ena mwa mabakiteriyawo, monga Pseudomonas, amatha kukhala amoyo m'kati mwa amoeba amene wawameza. N'chifukwa chake si zachilendo kuti madzi a m'manja amodzi alowetse zonse ziwiri pa bala limodzi.

Kusiyana kwake kuli pa liwiro. Mabakiteriya amathamanga: Pseudomonas amatha kusungunula galasi la diso mpaka kulibowola m'masiku ochepa chabe, ndipo iwo pamodzi ndi Streptococcus pneumoniae ndi Staphylococcus ndi amene amabweretsa manthongo ochuluka, kutupa kwa chikope, ndi mafinya amene nthawi zina amadikha pansi m'kati mwa diso. Acanthamoeba amayenda pang'onopang'ono, kwa milungu. Akakhala yekha popanda mabakiteriya, diso limangotuluka misozi, galasi limaoneka lotuwa ndi lokhakhala, ndipo kawirikawiri munthu amamva ululu woposa kukula kwa chilonda chimene tikuchiona, chifukwa kachilomboka kamatupitsa timitsempha tomvera ululu ta m'galasimo. Mzere wozungulira umene mwauonawo umabwera mochedwa, matenda atakhazikika kale. Tsono zonse ziwiri zikakhala pamodzi, zizindikiro za mabakiteriya zimaphimba za amoeba. Mankhwala monga ciprofloxacin kapena gentamicin amapha mabakiteriya, manthongo amauma, aliyense amasangalala, koma amoeba amene mankhwalawo samukhudza amapitiriza kulowa pansi.

Pa ntchito yanga, chilonda chimene chapola theka n'kuima chimandidetsa nkhawa kuposa chimene sichinasinthe n'komwe. Chosasinthacho aliyense amachiona kuti chakanika ndipo wodwala amatumizidwa msanga, pamene chopola thekacho chimapusitsa wodwala, achibale, ngakhalenso ife achipatala, ndipo milungu imene amoeba akanaphedwa mosavuta ali pamwamba imatha tikudikira. Mankhwala oyamba aja sanali olakwika, ndipo mwina ndi amene anapulumutsa diso kuti lisabooke, kungoti anagwira mbali imodzi yokha ya matendawo.

Za kudontheza ola lililonse, chifukwa chake ndi ichi. Acanthamoeba ali ndi maonekedwe awiri. Zinthu zikamuyendera bwino amakhala wofewa, amayenda, amadya ndi kuswana, ndipo pa nthawi imeneyi mankhwala amamupha. Zikamuvuta amadzikulunga m'chikhokho cholimba cha makoma awiri n'kugona, monga njere za udzu zimene zimakhala m'nthaka chilimwe chonse kudikira mvula, ndipo mankhwala akachepa amatulukamo n'kuyambiranso. Mankhwala amene amatha kulowa m'chikhokhocho ndi chlorhexidine wa mphamvu ya 0.02% ndi PHMB, ndipo nthawi zina amawonjezera propamidine wa 0.1%. Dontho silikhalitsa m'diso chifukwa misozi imalitsuka, choncho masiku oyamba amadontheza usana ndi usiku, kenako masana okha, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Amene akudontheza azisamba m'manja, asakhudzitse kamwa la botolo ku diso kapena ku nsidze, ndipo azidikira mphindi zosachepera 5 asanadontheze botolo lachiwiri kuti lisatsuke loyambalo. Ngati mwa mabotolowo muli atropine, musadabwe kuona mwana wa diso atakula ndiponso wodwala akuona mwachimbuuzi, pakuti ntchito yake ndi kupumitsa minofu ya m'kati mwa diso kuti ululu uchepe.

Ndichenjeze zinthu ziwiri mwamphamvu. Chlorhexidine wa m'diso amasungunulidwa mwapadera, ndipo ndi wosiyana kotheratu ndi wotsukira mabala kapena wa 7.1% wopaka pa mchombo wa mwana wakhanda, amene bungwe la WHO linachenjeza mu 2019 kuti wachititsa khungu ana amene anawadontheza m'maso molakwitsa. Botolo likatha, bwererani kumene munalandira, musasungunule nokha. Chachiwiri, musagule mankhwala odontheza amene ali ndi dexamethasone, prednisolone kapena betamethasone pokhapokha dokotala wa maso atalamula. Mankhwala amenewa amachotsa kufiira ndi ululu kwa kanthawi, koma amafooketsa chitetezo cha diso ndipo amathandiza amoeba kutuluka m'chikhokho ndi kuchulukana.

Amoeba wa kamwazi ndi wina, dzina lake Entamoeba histolytica, ndipo amakhala m'matumbo, choncho Flagyl sangachize diso limeneli. Acanthamoeba sachoka kwa munthu kupita kwa munthu wina, moti ana asaletsedwe kuyandikira wodwalayo, komabe ndi bwino kuti iye akhale ndi kansalu kakekake kopukutira ndi madzi akeake owiritsa n'kuziziritsa.

Wogwira ntchito mu labotale

Ndiwonjezere pa zimene a dokotala alemba, makamaka za kupala kumene Mayi atchula, chifukwa anthu ambiri amakuopa ndipo ena amakana poganiza kuti akufuna kuwachotsa diso. Amayamba adontheza mankhwala ochititsa dzanzi, kenako ndi kampeni kakang'ono kapena nsonga ya singano amapala m'mphepete ndi pansi pa chilonda, wodwala atatsamiritsa chibwano pa makina ounikira maso. Chimene chimatuluka ndi kanthu kochepa kwambiri koti ndi maso sungakaone bwino, ndipo kameneko timakagawa pa timagalasi tingapo ndi pa mbale zomeretsera tizilombo. Kupukuta manthongo ndi thonje sikukwanira, chifukwa amoeba sakhala m'manthongo koma m'mnofu wa galasi lenilenilo.

Vuto la chilonda chokhala ndi tizilombo tiwiri limafikanso kwa ife. Tikapaka utoto wa Gram, mabakiteriya amaoneka msanga, ndipo pa mbale amamera pofika mawa lake. Munthu amene wapeza Pseudomonas amatha kulemba zotsatira n'kutseka nkhani, poganiza kuti yankho lapezeka, pamene pa kagalasi kathu komweko pali zikhokho za amoeba zimene sanazifunefune. Zikhokhozi ndi zazing'ono, pakati pa mamaikilomita 10 ndi 25 (mamaikilomita 1,000 ndi amene amapanga milimita imodzi), khoma lakunja ndi lamakwinya ndipo lam'kati limakhala ndi ngodya, ndipo munthu wosazizolowera amaziyesa maselo a thupi kapena zinyalala. Zimaoneka bwino tikagwiritsa ntchito mankhwala a mu labotale otchedwa KOH (potassium hydroxide) a 10%, makamaka pamodzi ndi utoto wa calcofluor white kumene kuli maikulosikopu yoyenera, ndipo KOH yemweyo ndi amene amationetsa ulusi wa mafangayi (tizilombo ta gulu la nkhungu), amenenso amavuta kwambiri pa mabala ochokera ku zomera ndipo amafuna mankhwala ena, monga natamycin wa 5%.

Kumeretsa amoeba kuli ndi njira yake. Timatenga mbale ya agar (chinthu chonga phala lolimba chomeretserapo tizilombo) yopanda chakudya chilichonse, n'kupakapo mabakiteriya a E. coli kuti akhale chakudya chake, n'kuika zopalidwazo pakati. Ngati amoeba alipo, amayenda akudya ndipo amasiya tinjira tokhotakhota timene timaoneka pa maikulosikopu, koma zimenezi zingatenge masiku angapo mpaka milungu iwiri. Kuzipatala zazikulu za maiko ena amagwiritsanso ntchito PCR (njira yofufuzira chibadwa cha kachilombo) ndi makina a confocal amene amaona zikhokho m'diso la munthu popanda kupala. Pempho langa kwa anzathu otumiza odwala ndi lakuti azilemba pa fomu kuti munthuyu anavulala ndi chiyani, anasukusula madzi otani, ndipo wadontheza mankhwala ati, chifukwa mawu ochepa amenewo ndi amene amatiuza kuti tisaime pa mabakiteriya okha.

Ena amakhulupirira kuti matendawa ndi a anthu ovala timagalasi tomata pa diso, ndipo n'zoona kuti ku Ulaya ndi ku America odwala ambiri ndi amenewo. Koma mmodzi mwa odwala oyambirira kudziwika, mu 1973, anali woweta ng'ombe wa ku Texas amene anavulala m'diso n'kukhudzana ndi madzi oipa, ndipo ku India odwala ambiri ndi anthu a kumudzi amene sanavalepo timagalasi timeneti. Moyo wa msodzi wa ku Ndindi Marsh kapena mlimi wa mpunga wa ku Muona ukufanana ndi wa anthu amenewo.

Mphunzitsi wopuma, m'munsi mwa mapiri a Thyolo

Ndathokoza a dokotala ndi a mu labotale chifukwa cha kufotokoza momveka. Ine ndili ndi funso logwirizana ndi lomweli. Kwathu kuno, kumene mitsinje imatsika mothamanga kuchokera ku Thyolo, alangizi a zaumoyo akhala akutiyeza msinkhu ndi ndodo n'kutipatsa mapiritsi a Mectizan, ndipo ankatiuza kuti ndi oteteza ku nyongolotsi zimene zimayabwitsa khungu ndi kuwononga maso. Kodi nyongolotsi zimenezi zimagwiranso galasi la diso, ndipo kodi munthu wa chilonda chonga cha alamu a Mayiwa angathandizidwe ndi mapiritsi amenewa?

Kwa Mayi, pa nkhani ya asing'anga, ndingoti muwaletse achibalewo mwaulemu koma mosagonja. Ndinakula ndikuona anthu akufinyira madzi a masamba m'maso, ena mkaka wa m'mawere, ena mpaka shuga, ndipo sindikunyoza makolo athu, pakuti nthawi imeneyo chipatala chinali kutali ndipo mvula ikagwa msewu unkaduka. Komabe pa diso lofiira wamba, limene likanapola lokha, mankhwala aliwonse amatamandidwa, pamene pa diso lokhala ndi bala lotseguka madzi ofinyidwa ndi manja pa mwala amangowonjezera tizilombo tina pa timene tilimo kale.

Wothandiza odwala maso, Chikwawa

Aphunzitsi, mfundo yanu yomalizayi ili ndi umboni. Kafukufuku amene anachitika m'zipatala ziwiri za maboma kuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 1994 anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse a zilonda za pa galasi la diso anali atagwiritsa kale ntchito mankhwala achikuda asanafike kuchipatala. Choopsa chake chili pawiri, chifukwa mankhwalawo amatha kubweretsa mabakiteriya kapena mafangayi atsopano pa bala, komanso amachedwetsa munthu.

Nyongolotsi mukunenazo ndi Onchocerca volvulus, ndipo zimafalitsidwa ndi tintchentche takuda timene timaswana m'madzi othamanga, osati m'madzi odikha a m'dambo. N'chifukwa chake matendawa amapezeka ku Thyolo, Mulanje, Mwanza, Neno ndi mbali za Chikwawa zoyandikana ndi mapiri, pamene Acanthamoeba ndi wa m'matope ndi m'zithaphwi za m'chigwa. Nyongolotsi zikuluzikulu zimakhala m'timfundo ta pansi pa khungu kwa zaka 10 kapena kuposerapo, zikuswa ana ambirimbiri amene amayenda m'khungu, ndipo ena amafika m'diso. Anawo akafera m'galasi la diso amasiya timadontho toyera timene timatha kuzimirira, koma zikachitika mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, galasi limayamba kuchita chipsera kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Palibe bala lolowera, ndipo chilonda chotseguka cha mafinya si chizindikiro chake.

Pamenepa mabakiteriya alinso ndi mbali yake, koma mwa njira ina. M'kati mwa nyongolotsizi mumakhala mabakiteriya otchedwa Wolbachia, amene nyongolotsi imawadalira kuti ibereke, ndipo ofufuza anaonetsa mu 2002 kuti kutupa kwa galasi la diso kumayambitsidwa kwambiri ndi mabakiteriya amenewa akatuluka m'nyongolotsi yakufa. Ivermectin, amene ndi Mectizan yemweyo ndipo kampani ya Merck yakhala ikumupereka kwaulere kuyambira 1987, amapha ana a nyongolotsi koma zikuluzikulu zimatsala, n'chifukwa chake amamwedwa chaka ndi chaka. Doxycycline womwa kwa milungu 4 mpaka 6 amapha Wolbachia n'kusiya nyongolotsi zili zosabereka, koma saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Mankhwala onse awiriwa si ochizira Acanthamoeba, choncho alamu a Mayi asawadalire pa chilonda chawo.

Pali kachilombo kachitatu koyenera kukatchula chifukwa cha matope amene timakhalamo madzi akasefukira, monga zinachitikira mu January 2015 ndiponso pa namondwe Freddy mu March 2023. Dzina lake ndi microsporidia, ndipo kale ankakaika m'gulu la tizilombo tofanana ndi amoeba, ngakhale masiku ano akatswiri amati n'kapachibale ndi mafangayi. Ku India ndi ku Singapore kamadziwika pa anthu amene matope kapena madzi a mvula awathovukira m'maso, ndipo kamagwiranso anthu amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV. Kakakhala pamwamba kamapanga timadontho totuwa tambiri, ndipo pa munthu wa thanzi nthawi zambiri kamatha m'milungu yochepa osasiya chipsera, koma kakalowa m'kati mwa galasi kamavuta kwambiri ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni yoika galasi lina.

Kwa onse amene amagwira ntchito m'bango, m'nzimbe, mu thonje kapena mu mpunga, munthu akavulala m'diso atsuke ndi madzi a pa mjigo kapena owiritsa amene watenga m'botolo, asatikite, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti akamudontheze utoto wa fluorescein, umene umaonetsa bala mobiriwira ukaunikidwa ndi nyali ya buluu. Bala longokalika likalandira mankhwala opha mabakiteriya msanga nthawi zambiri limapola bwino. Koma ngati pali kadontho koyera pakati pa diso, kapena kuona kwachepa, kapena ululu ukupitirira ngakhale manthongo auma, munthuyo apemphe kuonana ndi wa maso pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene angamulembere kalata yopita ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queens, ndipo popita atenge mabotolo onse amene wakhala akudontheza, ogula pa golosale omwe.